Mukafuna kugona m'nyumba zakale za ku Natchez

Abale athu okhala ku America akalandira alendo ochokera kumudzi amathamangira nawo kumizinda ikuluikulu, kumene nyumba zimachita kupikisana kutalika. Koma ngati muli ndi masiku awiri kapena atatu ndi kandalama kapadera, kuli kamzinda kena m'chigawo cha Mississippi, kum'mwera kwa dzikolo, kotchedwa Natchez. Kumeneko munthu amagona m'nyumba yomwe yatha zaka pafupifupi 200, n'kudzuka m'mawa kukaimirira pagomo kumayang'ana mtsinje wa Mississippi ukuyenda mwakachetechete mamita pafupifupi 60 pansi pake.

Kamzindaka kali ndi anthu osapitirira 15,000. Kanayamba mu 1716 Afalansa atamanga linga lotchedwa Fort Rosalie, ndipo kanadzalemera ndi thonje lolimidwa ndi akapolo. Pankhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 mzindawu sunatenthedwe monga inachitira ina, n'chifukwa chake zinyumba za eni minda aja zidakalipo, zina zosanduka malo ogona alendo.

Yambani ndi za kayendedwe, chifukwa n'zimene zimagwetsa ulesi. Ku Natchez sikufika sitima yapamtunda yonyamula anthu, ndipo musayembekezere maminibasi oti mungoimitsa pamsewu. Mukatsikira ndege ku Baton Rouge mudzayenda pagalimoto pafupifupi ola limodzi ndi theka pamsewu wa Highway 61. Kuchokera ku New Orleans ndi maola atatu. Pafunika galimoto yanu kapena yahayala. Amene munazolowera kuyendetsa kumanzere, kumbukirani kuti kumeneko n'kumanja, ndipo pamene anthu amaiwalira kwambiri ndi potuluka pageti m'mawa msewu uli wopanda kanthu.

Nthawi yopitira nayo ili ndi nkhani. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo kumakhala mwambo wotchedwa Spring Pilgrimage, womwe amayi a kalabu yosamalira maluwa anauyambitsa mu 1932, pamene chuma cha dziko chinali chitagwa. Eni nyumba amatsekula zitseko kuti alendo alowe kudzaona pamalipiro. Maluwa amakhala atachita bwino, nyengo ili yofatsa, koma zipinda zimatha msanga ndipo mitengo imakwera. Mu Okutobala namonso mumadzaza chifukwa cha chikondwerero cha zibaluni zouluka ndi anthu. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumatentha kwa chinyontho, kofanana ndi kwa ku Nsanje mvula ili pafupi, udzudzu uli ponseponse. Ngati muli ndi makolo okalamba, miyezi imeneyi ilekeni.

Tsono pa nkhani yeniyeni: musasankhe nyumba yokha, sankhani chipinda. Pa intaneti mudzaona chithunzi cha Dunleith, nyumba ya mu 1856 yozunguliridwa ndi nsanamira zoyera 26, kapena cha Monmouth, ya mu 1818, yokhala pakati pa munda wamaluwa wa maekala 26. Mtima umangoti ndigona m'menemo. Chomwe chithunzi sichikuuzani n'chakuti m'nyumba yaikuluyo mumakhala zipinda zochepa, ndipo zambiri zili m'nyumba zakuseri kapena m'tinyumba tatsopano tomangidwa m'munda motengera kamangidwe kakale. Tinyumba timeneti si toipa ayi, nthawi zambiri ndi tomwe tili ndi bafa labwino ndi bata. Koma ngati mwalipira ndalama zambiri kuti mugone m'nyumba ya mu 1818, ndi bwino mudziwiretu kuti mwapatsidwa iti. Imbani foni, musangodalira makampani ogulitsa malo pa intaneti, ndipo mufunse mosapita m'mbali kuti, "Chipindachi chili m'nyumba yaikulu kapena kunja? Kale chinali chiyani?"

Funso lachiwirili lili ndi kulemera kwake. Nyumba zanjerwa zakuseri, zoyang'anizana ndi bwalo, kawirikawiri zinali makhitchini, mochapira zovala ndi mogona akapolo otumikira m'nyumba. Lero muli makatani okongola ndi matawulo oyera. Ena akadziwa zimenezi safuna kugonamo. Ena amati ndi momwemo muyenera kugonedwa, kuti anthu aja asaiwalike. Onse ali ndi mfundo. Chimene sindigwirizana nacho ndi kugonamo osadziwa, n'kumajambula zithunzi zotumiza pa WhatsApp ngati kuti ndi nyumba wamba. Amene angafune kugona pamalo pomwe nkhaniyi imanenedwa poyera afufuze Concord Quarters: nyumba yaikulu ya Concord inapsa mu 1901, panangotsala nyumba ya akapolo, ndipo banja la anthu akuda ndi limene linaikonza n'kuyamba kulandiriramo alendo.

Mukamaimba foniyo mufunsirenso za masitepe. Nyumba zakalezi zambiri zilibe zikepe, masitepe ake ndi otsetsereka, ndipo masutikesi athu aja sapepuka. Mabedi ake ndi ansanamira zinayi, ena atali moti amaikapo kampando kokwererapo. Agogo a mawondo ovuta apezereni chipinda chapansi ndi bedi lalifupi. Mabafa ena ndi mabeseni akuya oima pamiyendo, ovuta kulowa ndi kutuluka, choncho funsani ngati muli shawa yongolowa. Ana nawo, malo ena salandira ang'onoang'ono poopa katundu wakale, ndiye tchulani zaka zawo musanalipire.

Pa ndalama, mtengo womwe mwauona si womwe mudzalipire. Ku America msonkho amauwonjezera pamapeto. Amafunanso khadi la kubanki, ndipo amatha kutsekerako ndalama ina ngati chikole mpaka mutatuluka. Malo ang'onoang'ono ali ndi malamulo okhwima pa kusintha maganizo: mukalephera kupita osanena m'masiku omwe anaika, ndalama yausiku woyamba yapita. Polipira chakudya m'lesitilanti, onjezerani 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya woperekera, poti malipiro ake amadalira pamenepo, ndipo wokonza m'chipinda mumusiyire madola angapo patebulo. Zipinda zimatsegulidwa cha m'ma 3 koloko masana, kutuluka cha m'ma 11 m'mawa. Mukaona kuti mufika usiku, nenani, chifukwa m'nyumba zina mulibe munthu wokhala pa ofesi usiku wonse. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'makoma akumeneko, ndipo magetsi ake ndi a mavoti 120. Gulani adaputala ya foni, koma ayironi ndi ketulo zakwathu zisiyeni.

Chakudya cham'mawa chimakhala m'kati mwa mtengo m'malo ambiri, ndipo chili ndi nthawi yake. M'nyumba zina alendo onse amakhala patebulo limodzi lalitali, anthu osadziwana, n'kumacheza. Musachite manyazi, anthu akum'mwera amakonda kufunsa kumene mwachokera, ndipo mawu oti "sir" ndi "ma'am" amawagwiritsa ntchito monga timachitira ndi "bambo" ndi "mayi". Pambale mudzapeza grits, lomwe ndi phala la chimanga chogaya mwamisere. Iwo amathira batala ndi mchere, inu mukapempha shuga adzakuyang'anani modabwa koma adzakupatsani. Chomwe amachitcha biscuit si bisiketi, ndi sikono yofewa yopanda shuga. Nyama yankhumba imalowa m'zambiri, ngakhale m'ndiwo zamasamba ndi nyemba, motero amene simudya nkhumba nenani tsiku lomwe mukusungitsa malo. Madzulo pitani m'tauni mukadye mlamba wokazinga, therere ndi chigumu chawo. Lilime lanu silisochera kwenikweni.

M'chipindamo khalani ngati muli kwa apongozi. Mipando ndi matebulo ena ndi a m'zaka za m'ma 1800, kapu yonyowa ikasiya chizindikiro patebulo mlandu wake ndi wodula. Kusuta ndi kuyatsa makandulo n'koletsedwa. Pansi ndi pamatabwa, pamalira mukaponda, ndipo mawu amadutsa, ndiye foni zoimbira kumudzi pakati pausiku, poti kwathu kwacha kale, kaimbireni pakhonde. Ofuna phokoso alipo malo awo: kumunsi kwa gomo, pa Silver Street, kudera lotchedwa Under-the-Hill komwe kale kunkakocheza sitima zapamadzi, kuli zipinda pamwamba pa bala yakale. Mtsinje uli pakhomo penipeni, koma nyimbo zimalira mpaka usiku. Banja la ana lisapiteko kukagona.

Malo ambiri amayendetsa alendo awo m'nyumba yaikulu n'kumawafotokozera mbiri. Pitani, ndipo mvetserani zomwe zikunenedwa ndi zomwe zikudumphidwa. Mudzamva za magalasi ochokera ku France ndi za John Quitman, mkulu wa asilikali amene anali mwini Monmouth. Funsani mwaulemu kuti anaumba njerwa ndani, ankaphika ndani, mayina awo alipo kodi. Ku Dunleith funsani za John R. Lynch, amene anatumikira pamenepo ali kapolo wachichepere, nadzasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse mu 1872. Masiku ano ofotokozera ambiri amayankha bwino mafunso otere, ndipo alendo akamafunsa ndi pamene eni nyumba amaona kuti nkhaniyi ikufunika.

Masana kaoneni Longwood, chinyumba cha ngodya zisanu ndi zitatu chomwe amisiri ochokera ku Philadelphia anachisiya chosatha nkhondo itayamba mu 1861. Banja la mwini wake linangokhala m'zipinda zapansi, zam'mwamba zili njerwa ndi matabwa mpaka lero. Kulinso nyumba ya William Johnson, munthu wakuda yemwe anali mfulu, wometa tsitsi, amene analemba zochitika za tsiku ndi tsiku kuyambira 1835 mpaka 1851.

Koma ulendowu muuyambire pa Forks of the Road, musanatsitse n'komwe katundu. Ndi pamphambano chabe, kum'mawa kwa tauni, pafupi ndi Monmouth. Kuyambira 1833 mpaka 1863 apa panali msika wa akapolo wachiwiri kukula kum'mwera kwenikweni kwa dzikolo, wopambanidwa ndi wa ku New Orleans wokha, ndipo ambiri ankafika atayenda wapansi kuchokera ku Virginia atamangidwa unyolo. Amene munaimapo pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota mudzazindikira kachetechete wake. Palibe chinyumba choti muone, pali zikwangwani zofotokoza ndi maunyolo okwiriridwa m'simenti. Salipiritsa, ndipo mphindi 20 zikukwanirani. Atengeni ana, muwawerengere zomwe zalembedwazo, kenaka mukatenge makiyi a chipinda chanu.