Coleus, chomera chokongola masamba: kachizindikiridwe ndi kabzalidwe kake

Maluwa a coleus ndi timaluwa tating'ono tobiriwira ngati mtambo, tosakopa maso. Chomwe anthu amachibzalira ndi masamba ake: ofiira ngati magazi, achikasu, apinki, ena akuda bii m'kati koma obiriwira m'mphepete. Chomerachi kwawo ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia mpaka ku Australia, ndipo chinafika ku Ulaya kuchokera pachilumba cha Java m'zaka za m'ma 1800. Akatswiri amachitcha Coleus scutellarioides. Chili ndi m'bale wake kuno kwathu: buye amene amalimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi wa mtundu womwewu.

Wofuna kuchizindikira ayambe ndi tsinde. Akaligwira ndi zala amamva kuti lili ndi ngodya zinayi, si lobulungira. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo m'mphepete mwake muli mano ngati a sowo.

Mitundu yake ndi yochuluka zedi, koma ingapo siisowa. Kong ali ndi masamba otambalala kuposa chikhatho ndipo amafuna mthunzi, padzuwa amawauka. Wizard ndi wamfupi, safika ngakhale m'bondo, choncho amakhala bwino m'mphika wa pakhonde. Black Dragon ndi wofiira moderako, masamba ake opotanapotana m'mbali. Wasabi ndi wobiriwira mowala, Redhead ndi wofiira psuu, ndipo awiriwa amapirira dzuwa kuposa anzawo.

Pobzala, njira yabwino ndi kudula nthambi kusiyana ndi kufesa. Njere zotoledwa m'munda sizisunga mtundu, mwana amatuluka wosiyana ndi make, pomwe nthambi imabereka chomera chofanana ndendende ndi chomwe idadulidwako. Mlimi amasankha nsonga yathanzi yopanda maluwa, yotalika masentimita 10, n'kuidula pansi penipeni pa mfundo. Amachotsa masamba am'munsi, kusiya awiri kapena anayi pamwamba, kenako amaiika m'botolo la madzi pamalo owala koma osafika dzuwa. Madzi azisinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Pasanathe milungu iwiri timizu toyera timayamba kutuluka pamfundo paja, ndipo tikatalika masentimita 3, nthawi yowokera yakwana. Kuchedwetsa sikuthandiza, chifukwa mizu yozolowera madzi imavutika kugwira nthaka.

Dothi likhale lotayirira, losakaniza ndi manyowa owola bwino komanso mchenga pang'ono. Mphika kapena chitini chibooledwe pansi, pakuti madzi akamadikha mizu imawola. Zomera za pabedi zitalikirane masentimita 30.

Nkhani yaikulu ili pa kuwala. Mumthunzi wandiweyani kufiira kumazilala, chomera n'kumangotalika chili nyozololo. Padzuwa lamasana la mu Okutobala, makamaka kumadera otentha ngati ku Chikwawa, masamba amasuluka n'kupsa m'mphepete. Malo oyenera ndi kum'mawa kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali, pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma lamasana limatchingika. Kuthirira kuzichitika dothi lapamwamba likayamba kuuma, ndipo madzi azipita patsinde, osati pamasamba.

Chomera chikafika masentimita 15, mlimi amatsina nsonga yake ndi chikhadabo. Ambiri amachita nazo chisoni, komatu pamalo potsinidwapo pamaphuka nthambi ziwiri, ndipo akabwereza kangapo chimasanduka chitsamba chothithikana. Ngala za maluwa nazo zithyoledwe zikangooneka, chifukwa chomera chikayamba kupanga njere masamba amachepa mphamvu.

Adani ake ndi kodikodi, amene amabisala m'mfundo ataoneka ngati thonje, ndi nsabwe za m'masamba. Madzi a sopo wochepa opopera madzulo amathandiza akagwidwa msanga. Kuzizira nakonso sikugwirizana nacho: kukatsika pansi pa madigiri 10 chimafooka, ndipo chisanu chimachipheratu. Kumadera okwera ngati ku Dedza, ndi bwino kudula nthambi zingapo mu Meyi n'kuzisunga pawindo la m'nyumba, kuti zidzawokedwe panja kukayamba kufunda mu Seputembala.