Wodzutsa Akufa: Malire Ali Pati?

Werengani: 1 Samueli 28, Deuteronomo 18:10-12, Mlaliki 9:5, 6

M'nthano zimene pa Chingerezi amazitcha urban fantasy, mizimu, mfiti ndi zilombo zoyamwa magazi zimakhala pakati pa anthu mumzinda wamakono. Imodzi yotchuka ndi ya Anita Blake, imene Laurell K. Hamilton adayamba kusindikiza mu 1993. Anita amakhala ku St. Louis, m'dziko la America, ndipo ntchito yake yolipidwa ndi kudzutsa mitembo, mwachitsanzo pofuna kuthetsa mkangano wa chuma cha masiye. Mtembo uliwonse umafuna magazi a nkhuku kapena mbuzi, ndipo mtembo ukakhalitsa m'manda, nsembe yake imakulanso.

M'buku lachiwiri, The Laughing Corpse, la mu 1994, munthu wina wachuma akumulonjeza madola 1 miliyoni kuti adzutse mtembo wa zaka pafupifupi 300. Mtembo wotere sungadzuke popanda kupha munthu. Anita akukana, ndipo wowerenga amamuyamikira. Koma taonani pamene nthanoyi yaika malire: kupha munthu n'koipa, pomwe kuitana akufa ndi ntchito wamba ngati ukalipentala. Tikamakondwera ndi kukana kwake, tavomereza kale kuti akufa amamva akaitanidwa.

Mayi wa ku Endori

Baibulo nalo lili ndi wobwebweta amene adapanikizika. Mfumu Sauli idachotsa obwebweta m'dziko, koma Afilisti atamanga misasa ku Sunemu, ndipo Yehova osamuyankha, idadzizimbaitsa n'kupita usiku ku Endori ndi anthu awiri. Mayiyo adaopa kuti akumutchera msampha. Akane mlendo wosweka mtimayu, kapena aike moyo wake pachiswe? Sauli adalumbira m'dzina la Yehova kuti sadzalangidwa, ndipo mayiyo adavomera.

Sitinganene kuti mayiyu adali wouma mtima. Ataona Sauli wagwa pansi, wopanda mphamvu chifukwa chosadya, adamuphera mwana wa ng'ombe wonenepa n'kumuphikira mkate. Komabe chifundo chakecho sichidasinthe chimene chidatuluka m'mwambowo. Sauli adachoka wopanda chiyembekezo, ndipo adakafera pa phiri la Giliboa pamodzi ndi ana ake atatu. Pa 1 Mbiri 10:13, 14, kufunsira kwa wobwebweta kwatchulidwa pakati pa zifukwa za imfa yake.

Adalankhula ndani?

Onetsetsani kuti Sauli sadaone kanthu ndi maso ake. Adachita kufunsa maonekedwe a chimene chidatulukacho, ndipo atamva za nkhalamba yovala mwinjiro, adangogamula kuti ndi Samueli. Mlaliki 9:5, 6 amaphunzitsa kuti akufa sadziwa chilichonse, ndipo Yesu adayerekeza imfa ya Lazaro ndi tulo (Yohane 11:11-14). Mulungu amene adakana kuyankha kudzera m'maloto, Urimu ndi aneneri sakadayankha kudzera m'njira imene Iye mwini adailetsa. Paulo akutichenjeza kuti Satana amatha kudzionetsa ngati mngelo wa kuunika (2 Akorinto 11:14). N'chifukwa chake Deuteronomo 18 amaika wofunsira kwa akufa m'gulu limodzi ndi wopereka mwana wake nsembe pamoto. Malire a Mulungu ali pakhomo penipeni, munthu asanalowe.

Chimene chimakoka anthu ku nkhani zotere ndi chenicheni. Aliyense amene adaikapo mbale wake m'manda amalakalaka atamvanso mawu ake. Malemba sanyoza chilakolako chimenecho. Amangotiuza kuti tidikire tsiku limene Ambuye adzatsike kumwamba, akufa mwa Khristu n'kuyamba kuuka (1 Atesalonika 4:16). Nsembe ya kuuka kumeneko idaperekedwa kale pa Gologota.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtima wabwino wa mayi wa ku Endori ukadalungamitsa ntchito yake? Chifukwa chiyani?
2. Buku kapena filimu imene mwaonera posachedwa ikuphunzitsa chiyani za akufa, ngakhale mosatchula?
3. Mnzanu wofedwa atakuuzani kuti malemu amamulankhula kutulo, mungamuyankhe bwanji mwachikondi?