Amayi Ali ku Joni, Foni Yatsekedwa Kumudzi

Lero tikambirana nkhani imene yavuta m'makalabu ambiri: kodi ndi bwino makolo kumatitsekera foni iwo ali kutali?

Ndiyambe ndi za kwathu. Msuweni wanga wa zaka 14 amakhala ndi agogo chifukwa azakhali anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo atamutumizira foni, anaikamo pulogalamu yotchedwa Family Link. Ikangokwana 8 koloko usiku, foni ija imadzitseka yokha. Mwanayo anabwera kwa ine misozi ili mbwembwembwe, amvekere, "Achemwali, amayi sakundikhulupirira. Ndine wakuba ine?"

Pulogalamuyi imatani?

Family Link inatulutsidwa ndi kampani ya Google m'chaka cha 2017, ndipo imalumikiza foni ya kholo ndi foni ya Android ya mwana. Kholo likhoza kuika maola ogwiritsa ntchito foni pa tsiku, kuika nthawi yogona, kuvomera kapena kukana pulogalamu imene mwana akufuna kuikamo, kuona komwe foni ili, ngakhalenso kuitseka pompopompo. Kuti kholo lisinthe kanthu lili kutali, foni ya mwana iyenera kukhala pa intaneti. Dziwaninso ichi: pulogalamuyi sionetsa kholo mauthenga amene mukulemberana pa WhatsApp.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi Edzi?

Foni payokha siifalitsa kachirombo ka HIV. Koma kale chidyamakanda chinkadikirira mtsikana pa mjigo kapena panjira ya kusukulu, pamene anthu ankatha kuchiona. Lero chimalowa mpaka kuchipinda kudzera pa foni, agogo ali mtulo. Chimayamba ndi "moni", kenaka mayunitsi, kenaka kandalama ka sopo. Mapeto ake chimati, "Nditumizire chithunzi" kapena "Tikumane kumsika." Mtsikana amene walandira zinthu amavutika kukana, ndipo kuuza munthu wamkulu kuti avale kondomu n'kovuta zedi. Apa ndi pamene mimba zosakonzekera ndi kachirombo zimapezera mpata. Anyamata musadzione ngati opulumuka, nanunso mumakodwa mu msampha womwewu.

Ndiye azakhali sanalakwitse kuda nkhawa. Cholakwika chinali chimodzi: anatseka foni osamufotokozera mwana chifukwa chake.

Zimene pulogalamu singathe

Pasanathe sabata ziwiri, msuweni wanga anali atapeza njira. Ankachotsa simu n'kuiika mu kafoni ka mabatani ka mnzake. Azakhali akayang'ana ku Joni ankaona kuti zonse zili bwino, pamene mwana akulemberana ndi bambo wina amene ankamugulira mayunitsi. Ndinadziwa chifukwa anandiuza yekha, bamboyo atayamba kumuopseza kuti abweze zonse kapena akumane.

Tinawaimbira azakhali tonse awiri. Ndinawapempha kuti asakalipe, ayambe amva kaye. Anamvetsera, ndipo agogo ndi amalume anaitengera nkhaniyo kwa amfumu. Kenaka mayi ndi mwana anagwirizana malamulo atsopano. Foni ikutsekabe usiku, koma ola anasankha onse awiri, ndipo Lamlungu lililonse amacheza momasuka.

Phunziro langa ndi ili: pulogalamu imatseka foni, koma sitseka mtima. Chimene chinamupulumutsa mwanayu ndi chakuti anali ndi munthu womuuza.

Tichitenji tsono?

1. Makolo akaika malire, afunseni mwaulemu chifukwa chake, ndipo nanunso nenani zimene mukufuna, monga nthawi yowerengera za kusukulu.
2. Musalandire mayunitsi kapena ndalama kwa munthu amene akuti zikhale zachinsinsi.
3. Musatumize chithunzi cha maliseche kwa wina aliyense, ngakhale chibwenzi. Chikachoka sichibwerera. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana komanso kuzunza ena pa intaneti.
4. Wina akakuopsezani, musafufute mauthenga. Onetsani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena imbani mwaulere pa 116, nambala yothandiza ana.
5. Ngati mwagwiriridwa kapena mwagonana mosadziteteza, thamangirani kuchipatala maola 72 asanakwane kuti mukalandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Osachedwa ayi.

Mafunso okambirana pa kalabu

Gawanani m'magulu a anthu asanu, anyamata paokha, atsikana paokha, kenaka mubwere pamodzi.

1. Mukanakhala azakhali anga, mukanachita chiyani musanatumize foni?
2. Ndi zinthu ziti zimene kholo liyenera kudziwa pa foni ya mwana, nanga ndi ziti zimene siliyenera?
3. Inuyo zitakuvutani usiku uno, mungauze ndani? Tchulani dzina lake mumtima.

Konzani kasewero kachidule ka mwana ndi kholo akugwirizana za foni, ndipo mukakaonetse pa msonkhano wa makolo. Mutilembere mmene zayendera.