Mafunso ndi mayankho: Matenda amene timadzalira limodzi ndi mbewu

Tiyambe ndi amayi a ku Kanyama, amene mapapaya awo amafa dzinja lililonse. Amayi, vuto ndi madzi. Kwanuko madzi amadikha, ndiye mizu imawola. Dzalani pa nthumbira yaitali. Abambo a ku Mtendere, zakuda zili pamasamba a mandimu anuzo zimamera pa timadzi totsekemera timene nsabwe zimasiya. Tsukani ndi madzi a sopo.

Tsopano kalata ya abambo a ku Matero. Akuti anamezanitsa mpesa wawo ndi nthambi yochokera kwa aneba, ndipo masamba afiira, apindikira pansi, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira, zipatso sizikutsekemera. Abambo, zizindikirozi zikuloza ku leafroll, matenda a vairasi amene amakhala m'madzi a mtengo. Mukamezanitsa, nthambi yodwala imapatsira mtengo wonse, kenako tizilombo ta kodikodi timatengera matendawo ku mitengo ina. Mudzati mpesa wa aneba unkaoneka wabwino. Inde, koma mpesa wa zipatso zobiriwira suonetsa bwino matendawa, ndipo ngakhale wa zipatso zofiira umaonetsa nyengo ikamatha, zipatso zikamapsa. Ena adzati thirani feteleza. N'zoona kuti kusowa chakudya m'nthaka kumafiiritsanso masamba, n'chifukwa chake ndikuti tengerani masambawo kwa akatswiri a zaulimi ku Mount Makulu ku Chilanga akaone. Koma ikakhala vairasi, palibe feteleza kapena mankhwala opopera amene angachiritse. Zulani ndi mizu yomwe, tenthani. Zimawawa kuzula mtengo umene mwathirira ndi madzi ogula, koma kuusunga ndi kuphetsa ina. Ku Vergelegen, ku South Africa, anagonjetsa matendawa m'minda ikuluikulu pozula mitengo yodwala, kupha kodikodi ndi kudzala mbewu yoyezedwa basi.

Ndimanena sabata ndi sabata, koma simumva: nkhaniyi si ya mpesa wokha. Matenda owoletsa chinangwa amene anapezeka ku Chienge ndi Kaputa mu 2017 amayenda ndi mitengo yodzala imene anthu amagawana mwa chikondi. Nthochi, malalanje, chimodzimodzi. Komabe timagula mbande m'mbali mwa msewu osafunsa kuti nthambi anaidula kuti, ena mpaka kubwera nazo m'chikwama kuchokera kunja popanda chilolezo. Chonde abale anga, musanagule mbande yomezanitsa, funsani kumene yachokera, ndipo wogulitsa akalephera kuyankha, isiyeni.