Kodi magazi mu mkodzo ndi Ebola?

FUNSO: Achimwene anga ndi asodzi. Abwera kuchokera ku Makanjira thupi likutentha, mutu ukuwawa, akusanza, ndipo akuti akamamaliza kukodza kumatuluka magazi. Anzawo padoko ayamba kuwathawa, akuti ndi Ebola kapena matenda aja a ku Tanzania. Wowadwazika ndine. Kodi matenda otaya magaziwa amayamba bwanji, nanga ndiwazindikira bwanji?
Mayi wa ku Malindi, Mangochi

YANKHO: Pepani ndi matendawo, mayi. Atengereni achimwenewo kuchipatala lero lomwe akayezedwe magazi ndi mkodzo. Kunyanja kuno, magazi obwera kumapeto kwa mkodzo kawirikawiri amakhala likodzo, lomwe timatenga m'madzi okhala nkhono, ndipo mankhwala ake, Praziquantel, alipo. Kutentha thupi ndi kusanza, oyamba kuwaganizira ndi malungo. Msodzi atha kudwala onse awiri pakamodzi. M'Malawi muno simunapezekepo munthu wotsimikizika kuti ali ndi Ebola kapena Marburg.

Komabe anthu a padokowo sakuopa zachabe. Marburg idabuka ku Kagera m'dziko la Tanzania mu 2023, nkubukanso mu 2025. Mu September 2008 mayi wina adadwala matenda enanso otaya magazi ku Lusaka, nkutengedwa pandege kupita ku Johannesburg, komwe adakamwalira. Anthu ena anayi ogwira ntchito zachipatala adatenga matendawo, atatu nkumwalira. Kachilombo kake kadali kachilendo, adakatcha Lujo.

Ebola ndi Marburg amayenda chonchi. Kachilombo kakalowa m'thupi kamabisala masiku 2 mpaka 21, ndipo pa nthawi imeneyi munthu sapatsira mnzake. Kenaka matenda amagwa mwadzidzidzi: thupi kutentha, mutu waukulu, kuphwanya m'thupi, pakhosi kuwawa, ndi kufooka koti bambo wozolowera kupalasa bwato usiku wonse amakanika kudzuka pamphasa. Masiku oyambirirawa ngakhale dokotala sangasiyanitse ndi malungo kapena taifodi pongoyang'ana. Nchifukwa chake amafunsa za ulendo. M'masabata atatu apitawa mudali kuti? Mudadwazika munthu kapena kugwira maliro kudera komwe matendawa abuka? Mudalowa m'phanga kapena mumgodi wokhala mileme? Mudasenda nyama yakutchire yofa yokha? Ngati achimwene anu adangokhala panyanja ya kwathu kuno, mtima ukhale pansi.

Pakapita masiku atatu kapena asanu, matendawa amatsikira m'mimba. Wodwala amatsekula zamadzi zokhazokha ndi kusanza kosalekeza, mwina kutaya malita angapo pa tsiku. Inu a ku Mangochi mudaona pa kolera wa 2022 ndi 2023 momwe munthu amathera madzi: maso kulowa m'kati, milomo kuuma, khungu ukalitsina osabwerera msanga. Apanso zimatero, ndipo anthu ambiri amapita chifukwa cha zimenezi. Madzi ndi mchere zikachepa, magazi sayenda mokwanira, impso zimaleka kupanga mkodzo, mutu umasokonekera. Nthawi yomweyo kachilomboka kamakhala kakuwononga chiwindi, chomwe chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana, komanso timitsempha ting'onoting'ono timayamba kuchucha. Magazi amaonekera pamenepa, chakumapeto kwa sabata yoyamba: m'nkhama, m'mphuno, pomwe abaya jakisoni osaleka kudontha, masanzi akuda, chimbudzi chakuda. Maso amafiira, ena amatuluka totupa pakhungu.

Chomwe ndikufuna mugwiritse ndi ichi: si onse amatuluka magazi. Pa mliri wa ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone wa 2014 mpaka 2016, womwe udagwira anthu oposa 28,000 nkupha oposa 11,000, odwala ambiri sadataye magazi ooneka. Wodikira kuona magazi kuti athamangire kuchipatala amakhala atachedwa, ndipo apanyumba amakhala atagwira kale masanzi ndi zovala za wodwalayo.

Sabata yachiwiri ndiyo imalekanitsa. Ena amamwalira, ena thupi limazizira nkuyamba kudya. Amene afika msanga nkuikidwa madzi a dripi amakhala ndi mwayi waukulu. Mtundu umodzi wa Ebola uli ndi katemera wovomerezeka kuyambira 2019, koma Marburg ilibe. Ochira amatha miyezi akumva kuwawa m'malo olumikizira mafupa, ena maso amavuta, ndipo kwa abambo kachilombo kamatsalira mu umuna kwa miyezi, motero kondomu imafunika.

Ndikudera nkhawa kwambiri inu wodwazika, poti matendawa sauluka mumphepo koma amadzera m'magazi, masanzi, chimbudzi, mkodzo ndi madzi ena a m'thupi. Wodwala akamafooka, kachilombo kamakhala kakuchuluka, ndipo mtembo ndiwo woopsa koposa. Kwathu kuno kusambitsa maliro ndi kuwaveka nsanda ndi ulemu womaliza womwe palibe amafuna kuumana m'bale wake, ndipo kuuza banja kuti lisagwire mtembo nkowawa. Koma mliri wotere ukabuka, ntchitoyi amagwira ndi anthu ophunzitsidwa, ovala zodzitetezera, pomwe mashehe, abusa ndi achibale amapemphera ataima chapatali.

Pakadali pano, pochotsa masanzi valani magolovesi, kapena majumbo osabooka m'manja, nkusamba ndi sopo. Amwetseni Thanzi ORS pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Pa kutentha thupi apatseni Panado, osati Aspirin kapena Brufen, chifukwa awiriwa amakulitsa kutaya magazi. Mukafika kuchipatala, kaya pa St Martin's pomwepo kapena chachikulu cha pa boma, fotokozani msanga komwe achimwenewo adayenda ndi tsiku lomwe thupi lidayamba kutentha. Akapezeka ndi likodzo, anzawo a m'bwato limodzi nawonso apite akayezetse mkodzo.