Mabuku a Ana pa Chuthi: Za Matenda ndi Imfa

Akristu okondedwa a ku Engutwini, chuthi ca Khrisimasi cimadza pamodzi ndi mvula, udzudzu ndi malungo. Mabanja ena a kuno ku Mzimba amalandiranso maliro ocokera ku Johannesburg. Ana ali pakhomo, aona zonse. Koma ife akulu tiwanamiza kuti malemu apita paulendo. Mwana adikira kunjira masiku ambiri, ndipo akadziwa coona, sakhulupiriranso mau athu. Buku labwino litithandiza kuyamba nkhani imene tiopa kuinena. Posankha, tikumbukire zitatu.

Coyamba, buku linene zoona. La Susan Varley, Badger's Parting Gifts, la caka ca 1984, lisimba za nyama yokalamba yonga ciuli imene inafa. Anzace analira, koma anatonthozedwa pokumbutsana nzeru imene aliyense anaphunzira kwa iyo. Mwana aphunzirapo kuti wakufa sabweranso pakhomo, koma saiwalika.

Caciwiri, buku lisaopseze. Ana ang'ono amaganiza kuti kusamvera kwao ndiko kwadwalitsa amai. Asimbireni za Francisco ndi Jacinta Marto a ku Fatima, ana okonda Mulungu amene anafa ndi cimfine cacikulu m'zaka za 1919 ndi 1920, kuti adziwe kuti nthenda si cilango. Koma masamba onena za moto wa ku Gehena muwasiye kufikira atakula.

Cacitatu, mwana asawerenge yekha. Khalani naye pamphasa, muwerenge pang'ono, ndi kumasulira m'Citumbuka cimene acimva bwino. Akafunsa, yankhani mwacidule, akalira, musamletse. Tereza Woyera wa ku Lisieux anafedwa amai ace m'caka ca 1877, ali ndi zaka 4, ndipo cisoni cace cinakhala nthawi yaitali. Ambuye Yesu omwe analira pa manda a Lazaro, monga tiwerenga pa Yohane 11.

Inu aphunzitsi a Eklezia, mabuku ndi osowa m'midzi mwathu. Limodzi likapezeka, liziyenda nyumba ndi nyumba, kuyambira kumene kwagwa zobvuta. Kumene kulibe, Malembo Oyera alipo. Musanatseke chuthi, funsani kholo lililonse: kodi mwana wanu munamuuza ciani tsiku la maliro?