Mafunso ndi Mayankho: Masipeyala Osinthira Galimoto Yochokera ku Japan

Funso

Wowerenga wina wa ku Kawale mumzinda wa Lilongwe walemba kalata yofotokoza kuti ali ndi Toyota RunX yochokera ku Japan, ndipo akufuna kuika malimu a mainchesi 17, kuitsitsa kuti iyandikire pansi, kusintha ekizozi ndi fyuluta ya mpweya, mwinanso kudzaikamo turbo m'tsogolo. Iye akudandaula kuti malimu amene anagula kale akuchititsa matayala kukhula thupi la galimoto pokhota, chiwongolero chikunjenjemera akathamanga pamsewu wa tala, ndipo amakaniko amene wawafunsa ku Biwi akumuuza zosiyana. Akufuna kudziwa mmene angazindikirire sipeyala yoyenerana ndi galimoto yake asanataye ndalama zina.

Yankho

Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silikwanira pogula sipeyala, chifukwa pansi pa dzina limodzi pamakhala magalimoto angapo amene amangofanana kunja. RunX imene inkagulitsidwa ku Japan kuyambira 2001 mpaka 2006 inali ndi mitundu ingapo, ndipo yofala m'misewu ya Lilongwe ndi NZE121 ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, pomwe ZZE123 ili ndi injini ya 2ZZ-GE ya malita 1.8 yamphamvu kwambiri. RunX ya ku South Africa, imene inkapangidwa ku Durban, inali ndi mainjini a banja la ZZ a malita 1.4, 1.6 ndi 1.8, kotero kuti ekizozi kapena paipi ya mpweya imene wachibale angatumize kuchokera ku Johannesburg, ngakhale italembedwa kuti ndi ya RunX, ikhoza kukana kulowa pa injini ya 1NZ-FE. Choyamba chimene wofunsayu ayenera kuchita ndi kutsegula boneti ndi kukopera zilembo ndi manambala a pa kachitsulo ka fakitale, pamene pamalembedwa mtundu wa galimoto, injini ndi nambala ya chasisi. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan alibe nambala ya zilembo 17 yotchedwa VIN, choncho wogulitsa aliyense wodziwa ntchito, kaya wa ku Biwi Triangle kaya wa mumsewu wa Malangalanga, amafufuza sipeyala pogwiritsa ntchito nambala ya chasisiyo.

Vuto la malimu ndi limene likufuna kufotokozedwa mozama, popeza rimu imayenerana ndi galimoto pa miyeso ingapo imene diso silingathe kuiona. Muyeso woyamba ndi PCD, kutanthauza kuchuluka kwa mabowo a mabawuti ndi kukula kwa mzere wozungulira umene mabowowo akhalapo. Pa RunX muyesowu ndi 4x100, ndiye kuti mabowo 4 pa mzere wa mamilimita 100, ndipo rimu ya Toyota Altezza, imene ndi 5x114.3, singalowe n'komwe. Wachiwiri ndi bowo lalikulu lapakati, limene liyenera kukhala mothina pa habu, chitsulo chimene gudumu limamangidwapo: pa Toyota zing'onozing'ono ndi mamilimita 54.1, pa Honda Fit ndi 56.1, ndipo pa Nissan Note ndi 60.1, ngakhale zonsezi zili 4x100. Malimu ambiri ogulitsidwa paokha amabwera ndi bowo lalikulu dala kuti alowe pa magalimoto osiyanasiyana, ndipo akamangidwa popanda mphete yodzazira mpatawo gudumu limatha kukhala mopendekera pang'ono, zimene zimabweretsa kunjenjemera kumene wofunsayu akudandaula nako, ngakhale kuti rimu yopindika kapena gudumu losayezedwa pa makina a balansi zimachitanso chimodzimodzi. Wachitatu ndi offset, nambala yodindidwa kuseri kwa rimu pambuyo pa zilembo ET, imene imasonyeza mmene gudumu lilowera mkati kapena kutulukira kunja. Malimu a fakitale a galimoto imeneyi ali pafupi ndi 45, ndipo rimu yotakata ya nambala yotsika kwambiri imakankhira tayala kunja mpaka kukhula thupi ndiponso imatha msanga mabering'i. Manati nawonso asanyozedwe: a Toyota ali ndi mazinga a M12x1.5 pomwe a Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25, ndipo malimu ogula paokha kawirikawiri amafuna manati osongoka kumutu, osati afulati amene amabwera ndi malimu a aluminiyamu a Toyota.

Rimu ikakula, tayala liyenera kuchepa m'mbali kuti gudumu lonse likhalebe pa msinkhu wake wakale, apo ayi mita ya liwiro imanama ndipo giya silikokanso monga kale. Ngati tayala lomwe linalipo ndi 185/70R14, gudumu lonse ndi pafupifupi mamilimita 615, ndipo lofanana nalo pa mainchesi 17 ndi 205/45R17; koma mbali ya tayala imatsika kuchoka pa mamilimita 130 kufika pa 92, kutanthauza kuti mphira woteteza rimu ku mabampu wachepa ndithu. Kwa munthu amene amayenda m'misewu yafumbi ya ku Chinsapo, Mgona kapena mkati mwa Area 23, makamaka nyengo ya dzinja pamene madzi amakumba misewu, mainchesi 15 kapena 16 ndiwo anzeru, ndipo wolemba yankholi sakuona phindu la mainchesi 17 kupatula maonekedwe.

Kutsitsa galimoto podula masipuling'i ndi makina odulira zitsulo, kapena powawotcha ndi moto wa kuwotcherera, n'koopsa ndipo kuyenera kukanidwa ngakhale mtengo wake utatsika bwanji, chifukwa sipuling'i yodulidwa imatha kuchoka pamalo pake gudumu likalendewera, ndipo yowotchedwa imafooka n'kuthyoka. Masipuling'i otsitsira opangidwira mtundu weniweniwo wa galimoto, amene satsitsa kupitirira mamilimita 30, omangidwa pamodzi ndi mashoko atsopano kenaka n'kuwongola magudumu pa makina, ndiwo malire oyenera mumzinda wodzaza ndi mahampu ngati Lilongwe, kumene sampu, chotengera oyilo pansi pa injini, ikagunda mwala injini yonse ikhoza kuwonongeka m'mphindi zochepa.

Pa nkhani ya mphamvu, choonadi n'chakuti ekizozi yaphokoso ndi fyuluta yoonekera zimasintha kulira kwa injini kuposa kukoka kwake. Fyuluta yotere ikamangidwa pafupi ndi injini imayamwa mpweya wotentha, imalowetsa fumbi la mu Okutobala kuposa ya pepala, ndipo ikakhala yopakidwa mafuta imadetsa sensa yoyeza mpweya, zimene zimasokoneza kompyuta ya injini n'kuwonjezera kumwa petulo. Turbo, chipangizo chimene chimagwiritsa ntchito utsi wa ekizozi popanikizira mpweya wambiri mu injini, imafunidwa ndi ambiri chifukwa Lilongwe ali pa mtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kumene mpweya ndi wopepuka, koma injini ya 1NZ-FE, imene imapanikiza kale mpweya pa muyeso wa 10.5:1, sinapangidwire ntchito imeneyo. Pangafunike mainjekitala aakulu, choziziritsira mpweya, kompyuta yokonzedwanso ndi katswiri, ndiponso mapaipi a mafuta opirira ethanol, popeza petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito mu 1982. Ndalama zolipirira zonsezi zikhoza kuposa zogulira galimoto imene inatuluka m'fakitale ili kale yamphamvu, ndipo gawo laling'ono chabe la ndalamazo likanagwira ntchito yooneka pa matayala abwino, mapadi a mabuleki odalirika ndi mafuta a mabuleki a DOT 4.

Ngati wofunsayu angasankhe kusintha injini yonse, nambala ya injini yatsopano iyenera kukalembetsedwa ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti igwirizane ndi mapepala a galimoto asanakapimitse COF, chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo malisiti a injiniyo asungidwe monga umboni wakuti sinabedwe. Kampani ya inshuwalansi iuzidwenso za kusintha kulikonse kwakukulu, chifukwa ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika. Ponena za malimu amene alipo kale, makaniko amasule gudumu limodzi, awerenge nambala ya ET ndi kuyeza bowo lapakati. Ngati vuto ndi bowolo, mphete zotsitsira bowo kufika pa mamilimita 54.1 zithetsa nkhaniyo, koma ngati ndi offset, malimuwo asinthanitsidwe ndi ena oyandikira 45.